Miyeso ya Galimoto ya Saluni ndi Malamulo Amene Anaiumba: Mafunso ndi Mayankho

Munthu akatsimikiza mtima kugula galimoto, mafunso amene amafika msanga pakamwa pake ndi a mtengo, a chaka chimene inapangidwa, ndi a kamwedwe kake ka mafuta. Koma za m'litali mwake, m'mimba mwake ndi msinkhu wake, zimene ogulitsa amazilemba ndi timanambala ting'onoting'ono kumunsi kwa pepala, ndi owerengeka amene amaima kuti azilingalire, ngakhale kuti timanambala timeneto ndito tidzaweruze ngati galimotoyo idzalowa pachipata cha nyumba yake, ngati apongozi adzakhala motakasuka pampando wa kumbuyo, ndiponso ngati idzafika kumudzi m'nyengo ya dzinja. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka pakati pa ogula ndi oyendetsa. Ndipo popeza magalimoto ambiri amene ayenda m'misewu yathu anayamba atumikira eni ake ku Japan, tidzakhalitsa pa malamulo a dziko limenelo, pakuti ndiwo anaumba matupi a magalimoto amene tikwera.

Kodi galimoto yotchedwa sedan, imene ambiri kuno amati saluni, imasiyana bwanji ndi zinzake?

Imasiyana pa kagawidwe ka thupi lake, pakuti ili ndi zipinda zitatu zosiyana: kutsogolo chipinda cha injini pansi pa boneti, pakati chipinda cha anthu chokhala ndi mizere iwiri ya mipando, ndipo kumbuyo buti, imene ili yotsekedwa payokha ndi chivundikiro chake, kotero kuti munthu akatsegula buti mphepo ndi fumbi sizilowa kwa okwera. Toyota Corolla Axio, Premio, Allion, Belta ndi Mark X, komanso Nissan Tiida Latio, onsewa ndi masaluni. Koma Vitz, Passo ndi Fielder sali m'gulu limeneli, popeza chitseko chawo cha kumbuyo chimatseguka pamodzi ndi galasi, ndipo katundu amakhala m'chipinda chimodzi ndi anthu.

Pa pepala la wogulitsa pamalembedwa manambala atatu, monga 4,410 x 1,695 x 1,460. Kodi atanthauzanji?

Awa ndi mamilimita, ndipo amalembedwa mwa dongosolo lakale lomwe lija limene Nowa anapatsidwa nalo miyeso ya chingalawa: poyamba m'litali, kenaka m'mimba, potsiriza msinkhu. Manambala mwatchulawo ndi a Corolla Axio imene inatuluka m'chaka cha 2006. M'litali amayesa kuchokera kunsonga ya bampa ya kutsogolo kufikira kunsonga ya bampa ya kumbuyo. Msinkhu amayesa kuchokera pansi pamene tayala laponda kufikira pamwamba pa denga, galimoto ili yopanda katundu. Ndipo m'mimba amayesa pamalo pamene thupi latambalala koposa.

Pa m'mimba pamenepa mpamene pagona msampha umene wagwira amisiri ambiri omanga zipata, chifukwa muyeso wolembedwawo suwerengera magalasi a m'mbali, amene akatambasulidwa onse awiri amawonjezera masentimita 25 kapena 30. Kotero galimoto imene pepala likuti ndi ya mita imodzi ndi masentimita 70, pofika pachipata imafuna pafupifupi mamita awiri kuti ingodutsa osakhula, ndipo m'galaja ifunanso malo ena akuti dalaivala atsegule chitseko natuluke ngati munthu waulemu, osati mopanikizika ndi khoma.

Pali miyeso ina iwiri imene salemba patsogolo, koma imene kwa ife ndiyo yaikulu. Woyamba ndi mpata wochokera pakati pa tayala lakutsogolo kufikira pakati pa tayala lakumbuyo, umene m'mabuku a magalimoto amaulemba kuti wheelbase. Wachiwiri ndi mpata wa pakati pa nthaka ndi mimba ya galimoto. Tidzabwererako ku yonse iwiri.

Ndaona kuti Axio, Premio, Allion ndi Latio onse ali ndi m'mimba mofanana, mamilimita 1,695, ngakhale kuti ena ndi a Toyota ndipo wina ndi wa Nissan. Kodi zinangochitika?

Iai, sizinangochitika, ndipo amene waona chinthu chimenechi waona chinsinsi cha nkhani yonse. Malamulo a ku Japan amagawa magalimoto onyamula anthu m'magulu monga mwa kukula kwawo, ndipo gulu la magalimoto aang'ono lili ndi malire anayi: m'litali osapitirira mamita 4.7, m'mimba osapitirira mamita 1.7, msinkhu osapitirira mamita 2.0, ndi injini ya petulo yosapitirira 2,000 cc. Galimoto yokhala m'kati mwa malire onsewa imalandira nambala puleti imene nambala yake ya gulu, yolembedwa pamwamba pambali pa dzina la dera, imayamba ndi 5, kapena 7. Koma ikangolumpha malire amodzi okha, ngakhale ndi kadontho, imalowa m'gulu la magalimoto aakulu, limene nambala yake imayamba ndi 3. Chifukwa chake anthu a kumeneko amalankhula za galimoto ya nambala 5 ndi ya nambala 3 monga ife tilankhulira za nyumba ya udzu ndi ya malata, ndipo aliyense amamva msanga chimene chikunenedwa.

Tsono chisanafike chaka cha 1989, kulumpha malire amenewo kunali kudziitanira chilango cha chaka ndi chaka, pakuti mwini galimoto ya nambala 5 ya injini ya 2,000 cc ankapereka msonkho wa mayeni 39,500 pachaka, pamene mnzake wa nambala 3, ngakhale injini yake ikhale yosapitirira 3,000 cc, ankapereka mayeni 81,500, ndiko kuti kuposa kuwirikiza kawiri. Ndipo popeza mutu ukakula sulewa nkhonya, galimoto ya nambala 3 inakhala ya mabwana a makampani ndi anthu achuma okhaokha. Opanga magalimoto, poona kuti ogula ambiri sadzalola kuwoloka mzere umenewo, anaphunzira kuumba thupi lofika pamphepete penipeni pa lamulo, nasiya mamilimita asanu okha ngati mpata wodzitetezera; ndimo munabadwira nambala ya 1,695, imene inakhala zaka makumi ambiri ngati chidindo pa magalimoto a m'dzikomo. Potero munthu wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene akuyendetsa Axio lero akukhala m'chipinda chimene makoma ake anaikidwa ndi alembi a boma ku Tokyo, amene poika malirewo sanaganizeko za msewu wa M1 ngakhale kamodzi.

Ngati msonkho umenewo unasintha m'chaka cha 1989, nanga bwanji anapitiriza kupanga magalimoto opapatiza?

Zoona, m'chaka chimenecho boma linakonzanso misonkho, kotero kuti msonkho wa pachaka unayamba kutsata kukula kwa injini kokha osayang'ana thupi. Ndipo sipanapite nthawi, Mitsubishi inatulutsa Diamante m'chaka cha 1990, galimoto ya nambala 3 imene anthu wamba anaithamangira. Koma lamulo likachoka m'buku silichoka tsiku lomwelo m'misewu ndi m'nyumba zimene zinamangidwa pansi pake. Lamulo la zomangamanga la ku Japan, la m'chaka cha 1950, limafuna kuti nyumba iyang'anizane ndi msewu wa m'mimba mwa mamita anayi, ndipo m'madera akale ilipo misewu yambiri yosafika ngakhale pamenepo. Tsono magalimoto awiri a mamita 1.7 akakumana pa msewu wa mamita anayi, pamatsala masentimita 60 okha oti agawane iwo awiri ndi makoma a mbali zonse, ndipo sentimita iliyonse yowonjezera pa thupi imasanduka thukuta pamphumi pa dalaivala.

Chachiwiri ndi malo oimikapo. Kuyambira m'chaka cha 1962, m'madera ambiri a dzikolo munthu salembetsa galimoto asanaonetse kalata ya apolisi yochitira umboni kuti ali ndi malo oisungapo, ndipo masiku ano malowo sayenera kutalikira kwawo kuposa makilomita awiri. Galimoto ikakhala yaikulu kuposa malowo, kalata situluka. M'mizinda muli nyumba zosungiramo magalimoto zimene zimakweza galimoto ndi makina n'kuiika pa thandala lake m'mwamba, ndipo zambiri mwa izo, makamaka zakale, sizilandira galimoto ya msinkhu woposa mamilimita 1,550 kapena ya m'mimba moposa 1,850. Ichi ndicho china chimene chinasunga saluni kukhala yaifupi msinkhu; ndiponso Toyota Crown, galimoto yaulemu ya akuluakulu, inasungidwa pa mamilimita 1,800 m'mimba kufikira mtundu wa m'chaka cha 2018, pamene anzake a ku Germany a gulu lake anali atatambalala kale kuposa pamenepo.

Nanga tigalimoto ting'onoting'ono monga Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto tili m'gulu liti?

Timeneto tili m'gulu lachitatu lotchedwa kei, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1949 kuti anthu osauka a dziko limene linali litangotuluka m'nkhondo akhale ndi chokwera. Malire ake a lero, amene anaikidwa mu Okotobala 1998, ndi mamita 3.4 m'litali, mamita 1.48 m'mimba, mamita 2.0 msinkhu, ndi injini ya 660 cc. Tinyamula anthu anayi okha, ndipo kwawoko tidziwika ndi nambala puleti yachikasu. M'litali mwa mamita 3.4 simukwana zipinda zitatu zoyenera, n'chifukwa chake pafupifupi tonse tilibe buti yapayokha. Ndipo amene atikweza anthu asanu ndi mmodzi pamodzi ndi matumba a chimanga akutisenzetsa goli limene sitinapangidwire.

Kodi ndi ku Japan kokha kumene lamulo linaumba thupi la galimoto?

Si kokha ayi, ndipo chitsanzo cha ku India nchoonekeratu koposa, chifukwa kumeneko lamulo linagwira m'litali m'malo mwa m'mimba. M'chaka cha 2006, nduna ya zachuma, a P. Chidambaram, inatsitsa msonkho wa magalimoto aang'ono kuchoka pa 24 kufika pa 16 peresenti, nitchula kuti galimoto yaing'ono ndi yosapitirira mamilimita 4,000 m'litali, yokhala ndi injini yosaposa 1,200 cc ya petulo kapena 1,500 cc ya dizilo. Cholinga chinali pa tigalimoto topanda buti. Koma anthu a kumeneko amakonda saluni chifukwa cha ulemu wake, ndipo opanga anaona khomo lotseguka. Tata inadula mchira wa Indigo nitulutsa Indigo CS m'chaka cha 2008. Maruti Suzuki nayo, imene Swift Dzire yake yoyamba inali ya mamilimita 4,160, inaifupikitsa kufika pa 3,995 m'chaka cha 2012. Ndipo Honda inatsatira ndi Amaze. Taonani, mamilimita asanu omwe aja abweranso, koma tsopano kumchira. Amene wayang'anitsitsa Dzire ali chapambali waona kuti buti yake ndi yaifupi ngati yodulidwa ndi mpeni, ndipo sanalakwe, pakuti wojambula wake anali ndi wokhometsa msonkho ataimirira kumbuyo kwake.

Ku America njira ndi ina. Bungwe la boma loona za chilengedwe, EPA, pogawa magalimoto m'magulu siliyesa kunja kwake konse, koma limayesa malo a m'kati, a anthu ndi a katundu pamodzi, m'mafiti a mbali zitatu: kuyambira 100 kufikira 109 ndi galimoto yaing'ono, 110 kufikira 119 ndi yapakati, ndipo kuyambira 120, amene ali pafupifupi malita 3,400, ndi yaikulu. Kayesedwe kameneka kamabala zodabwitsa, monga kuti Bentley Continental GT, chigalimoto cholemera cha mamita 4.8, inawerengedwa pamodzi ndi magalimoto aang'ono chifukwa mipando yake ya kumbuyo ndi yothina. Ndiponso kuyambira m'chaka cha 2011 malamulo awo a kamwedwe ka mafuta anayamba kutsata kukula kwa malo a pakati pa matayala anayi, kotero kuti galimoto yoponda malo aakulu inapatsidwa muyeso wopepukirapo. Ndipo ine ndiyesa kuti lamulo lotere, ngakhale linalembedwa ndi mtima wabwino, silikanalimbikitsa wopanga aliyense kuchepetsa galimoto yake.

Ku China si lamulo koma mwambo umene unatalikitsa saluni, pakuti kumeneko munthu wolemekezeka amakhala kumbuyo, dalaivala nayendetsa. Chifukwa chake Audi, BMW ndi Mercedes-Benz amapanga kumeneko mitundu yotalikitsidwa pakati, yodziwika ndi chilembo L, monga Audi A6L yopangidwa ku Changchun, ndipo kutalika konse kowonjezerako kumapita ku mawondo a bwana.

Kodi alipo malire amene saluni singapitirire kuti iloledwe pamsewu?

Alipo, koma ali kutali kotero kuti saluni siwafika. M'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya galimoto imodzi yosakhala basi siyenera kupitirira mamita 12 m'litali, mamita 2.55 m'mimba ndi mamita anayi msinkhu, ndipo malire otere analembedwera malole. Chimodzimodzinso sikelo za pamsewu, monga ya ku Balaka, zimadikira malole, osati Premio. Kuno kwathu chimene chimakhudza mwini saluni si thupi la galimoto koma zinthu zina ziwiri: a MRA powerengera msonkho wolowetsera galimoto amayang'ana, mwa zina, kukula kwa injini ndi zaka zake, ndipo laisensi ya gulu B imalola munthu kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu wake, muyeso umene saluni iliyonse yodziwika kuno ili pansi pake patali. Kotero kusiyana kwa nambala 5 ndi nambala 3 kumathera padoko la ku Japan. Chimene chimawoloka nyanja ndi thupi lokha limene kusiyanako kunasiya.

Kodi galimoto yaitali ndiyo yotakasuka m'kati?

Si nthawi zonse, ndipo apa mpamene chikomekome cha mkuyu chimapusitsa ogula. Malo a anthu amakhala pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo zonse zotulukira kunja kwa matayalawo ndi za injini, mabampa ndi buti. Chifukwa chake wofuna kudziwa ngati okwera kumbuyo adzawongola miyendo ayang'ane mpata wa pakati pa matayala, osati m'litali monse. Belta ili ndi mamilimita 2,550, Axio 2,600, Premio ndi Allion 2,700, ndipo Mark X yoyamba, ya m'chaka cha 2004, ili ndi 2,850. Wina angaganize kuti Mark X, imene ili ya mamilimita 4,730 m'litali ndi 1,775 m'mimba, iyenera kuposa Premio pa zonse. Koma injini yake ya masilinda asanu ndi imodzi inagonekedwa chotalika, niyendetsa matayala akumbuyo, kotero kuti gawo lina la mpatawo linadyedwa ndi injini ndi giyabokosi, ndipo pansi pa mipando padutsa chitsulo chopita kumbuyo, chimene chimatukula mtumbira pakati pa mapazi a okwera. Amene wakhalapo pakati pampando wa kumbuyo wa Mark X paulendo wa ku Mzuzu adziwa chimene tikunena. Premio, imene injini yake inagonekedwa chopingasa niyendetsa matayala akutsogolo, ili ndi pansi posalala bwino, ndipo banja la anthu asanu liyenda mwamtendere koposa m'menemo, ngakhale mbiri yake pamsewu ndi yochepa.

Mpata wautali uli ndi zabwino zake ndi mtengo wake. Galimoto yotere imakhazikika pothamanga, ndipo sigwedeza okwera kwambiri pa mabampu, popeza tayala lakumbuyo limafika pa bampu lakutsogolo litatsika kale. Koma potembenuka imafuna bwalo lalikulu, ndipo pamene Axio ya m'chaka cha 2012 imazungulira pa mamita 4.9, Premio ifuna 5.3, kusiyana kumene kumaoneka kochepa papepala koma kumene kumabwezetsa munthu m'mbuyo kawiri pamsika wa Limbe tsiku Loweruka.

Mwanena kuti mpata wa pansi pa galimoto ndi waukulu kwa ife. Chifukwa ninji?

Chifukwa ndiwo muyeso umene opanga anauika poganizira misewu ya phula yosalala ya kwawo, pamene ife tidzauyesa pa miyala, m'mikwasa ya malole ndi pa mahampu omangidwa ndi manja owolowa simenti. Masaluni ambiri ochokera ku Japan ali ndi mpata wa masentimita 15 kapena 16, ena ocheperapo, pamene mapikapu onga Hilux amapitirira masentimita 20. Ndipo muyeso wolembedwawo ndi wa galimoto yatsopano yopanda munthu. Mukakwezamo anthu asanu, m'buti n'kuikamo thumba la ufa la makilogalamu 50, batire ndi nkhuku za kwa agogo, masipuling'i amaphwa ndipo mpatawo umachepa ndi masentimita angapo. Ndipo popeza galimoto imafika kuno itayenda kale zaka zambiri, masipuling'i ndi mashoko ake amakhala atatopa kale, kotero kuti mpata weniweni ndi wochepa kuposa wa papepala musanakweze ndi mmodzi yemwe.

Pansi pamenepo pali ziwalo zimene galimoto singakhale popanda izo: sampu yosunga oilo wa injini, paipi ya ekizozi, mapaipi a mabuleki ndi thanki ya mafuta. Sampu ikabooka pamwala, oilo amatha m'mphindi zochepa, ndipo dalaivala amene sanaone nyali yofiira yochenjeza za oilo apitiriza ulendo kufikira injini itauma nigwira. Pamenepo mtengo wa mwala umodzi ufanana ndi mtengo wa injini ina.

Koma mpata wokha sunena zonse, pakuti uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi miyeso ina iwiri. Galimoto ziwiri zikhoza kukhala ndi masentimita 16 onse, koma ya mpata wautali pakati pa matayala ndiyo idzayamba kukhula mimba pa hampu, chifukwa matayala akutsogolo amakhala atatsika kale pamene akumbuyo asanayambe kukwera, hampu ili pakati penipeni. Ndipo ya mphuno yaitali yotulukira kutsogolo kwa matayala ndiyo idzayamba kugunda bampa potsikira m'ngalande kapena pokwera chitunda cha pachipata. Ichi ndicho chifukwa chake madalaivala odziwa amakwera hampu chopingasa, tayala limodzi limodzi, kuti mimba isatsike yonse nthawi imodzi. Si matama iai, koma nzeru yoyenera, bola munthu ayang'ane kuti mbali inayo sikukubwera galimoto. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo saluni yoyendetsedwa modekha yafika m'midzi yambiri imene eni mapikapu ankati singafike.

Amakaniko ena amakweza galimoto poika masipesa kapena matayala aakulu. Kodi n'kwabwino?

Pang'ono pokha n'kothandiza, koma walira mvula walira matope. Tiyeni tiwerenge za matayala. Tayala lolembedwa 195/65 R15 lili ndi msinkhu wa pafupifupi mamilimita 635, ndipo la 195/70 R15 lili ndi 654; kusiyana ndi mamilimita 19 kapena 20, koma galimoto imakwera ndi theka lokha la pamenepo, ndiko kuti sentimita imodzi, popeza theka linalo lili pamwamba pa tayala. Pa sentimita imodziyo mudzalipira kuti muvi wa liwiro udzanama ndi magawo atatu pa 100, nusonyeza 100 pamene mukuthamanga 103, chinthu chimene apolisi a pamsewu sadzachimvera chifundo. Ndipo tayala likakula kopitirira lidzakhula m'khonde mwake pokhota kapena galimoto ikalemedwa.

Masipesa amakweza thupi lonse, ndipo amapulumutsadi sampu ndi bampa. Koma galimoto yokwezedwa imapendama koposa pokhota, ndipo zitsulo zopereka mphamvu ku matayala akutsogolo zimagwira ntchito zili chopindika kuposa m'mene zinapangidwira, kotero kuti majointi ake ndi mphira zake zimatha msanga. Langizo langa ndi lakuti munthu ayambe wabwezeretsa masipuling'i ndi mashoko abwino, pakuti kawirikawiri msinkhu umene akuufuna ndi umene galimoto inali nawo kale nuutaya ndi ukalamba. Aikenso chitsulo chotchinga sampu. Ndipo ngati akwezabe, asapitirire masentimita awiri kapena atatu, napite kukawongoletsa matayala ntchitoyo ikangotha. Amene msewu wa kwawo ufuna kuposa pamenepa sakufuna saluni yokwezedwa. Akufuna galimoto ya mtundu wina.

Kodi kukula kwa galimoto kumakhudza mtengo woibweretsera kuno?

Kumakhudza, chifukwa sitima zonyamula magalimoto zimalipiritsa monga mwa malo amene galimoto yatenga, ndipo malowo amawapeza pochulukitsa miyeso itatu ija. Axio ya 4.41 ndi 1.695 ndi 1.46 imatenga malo okwana pafupifupi 10.9 m3, pamene Mark X ya 4.73 ndi 1.775 ndi 1.435 imatenga 12 m3. Ndiye kuti mwini Mark X alipira kuposa mnzake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi galimoto isanatsike pa doko la Dar es Salaam, isanayambe n'komwe ulendo wa ku chipata cha Songwe, kumene injini yake ya 2,500 cc idzakumananso ndi msonkho wake.

Anthu amati magalimoto a masiku ano akunka nakula. Kodi ndi zoona, ndipo zitikhudza bwanji?

Ndi zoona, ndipo mbiri ya Corolla ndiyo mboni. Yoyamba, ya m'chaka cha 1966, inali ya mamilimita 3,845 m'litali ndi 1,485 m'mimba, ndiko kuti inali yopapatiza pafupifupi ngati Mira ya lero. Koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo mtundu uliwonse watsopano unawonjezera pang'ono, mpaka inafika pa mzere wa 1,695 niima pamenepo zaka zambiri. M'chaka cha 2019 inawoloka: Corolla ya saluni yogulitsidwa ku Japan inakhala ya nambala 3, ya mamilimita 1,745 m'mimba ndi 4,495 m'litali, ndipo ngakhale pamenepo anachita kuichepetsa dala chifukwa cha misewu ya kwawo, pakuti yogulitsidwa m'maiko ena ndi ya 1,780 m'mimba ndi 4,630 m'litali. Zifukwa zake nzomveka: zitseko zinanenepa kuti zitchinjirize anthu galimoto ikagundidwa m'mbali, mphuno inafuna malo oti iphwanyike m'malo mwa okwera, ndipo opanga anaona kuti n'kotchipa kumanga thupi limodzi logulitsa pa dziko lonse kusiyana ndi kusungira Japan lakelake. Kukula kumeneku sikupita konse kwa okwera, popeza gawo lina limathera m'makoma.

Tsono masaluni opapatiza amene tinawazolowera akutha kumene amachokera. Mark X inaleka kupangidwa kumapeto kwa 2019, Premio ndi Allion mu Malichi 2021, ndipo Corolla Axio mu Okotobala 2025. Otsalawo adzapitiriza kufika kwa zaka zingapo, akunka nakalamba, ndipo pambuyo pake ogula adzapeza kuti saluni iliyonse imene angaitanitse ndi yotambalala kuposa imene anali nayo. Inu amene mukumanga mpanda kapena galaja chaka chino, musayese chipata ndi galimoto imene ili pakhomo lero. Chipatseni mamita atatu m'mimba, galaja mamita asanu ndi limodzi m'litali, ndipo muuze mmisiri agonetse chitunda cha pakhomo, simenti isanaume.